Mpando wofika pachifuwa

Ku Entre Lagos, kutsidya kwa malire a Malawi, kuseri kwa siteshoni ya sitima, kuli akalipentala ena dzina lawo a Bwanausi. Anthu amawatchula kuti amesitiri, iwo n'kumavomera. Ntchito amaidziwa, palibe angatsutse. Chilichonse chimene apala amachisema kansomba kunsi, pokumbukira kwawo kunyanja ya Chiuta. Koma muwafunse za dipuloma, ayamba kufunafuna pensulo imene ili pakhutu pawo pomwe.

Anabwerako ku Malawi, kumene anathawira, nkhondo itatha, ukalipentala atauyamba kale kumeneko. Sukulu ya ntchito zamanja ya kutauni inali itangotsegulidwa m'nyumba yakale yosungiramo thonje, maphunziro ake atatu okha: ukalipentala, zomangamanga ndi umakaniko. Analowa m'gulu loyamba. Luso analinalo, koma Chipwitikizi chinkawavuta, ndipo ankaopa kusekedwa.

Mayeso oyamba anali opala mpando, papepala atangolemba kuti kutalika kwa miyendo 45. Anzawo anayeza masentimita, iwo anayeza mainchesi monga anazolowerera ku Malawi. Mtima unawauza ndithu kuti china chalakwika, koma pakamwa panakana kutseguka. Paja safunsa anadya phula. Mpando unatuluka wofika pachifuwa, ndipo anthu anaseka mpaka misozi. A Bwanausi anachoka tsiku lomwelo. Anakhala zaka ziwiri akugwira ntchito kwa akalipentala a mutauni, kenako anabwera kwawo n'kunena kuti amaliza.

Bodza limenelo lakula limodzi ndi mwana wawo Hajira, amene amawanyadira koopsa. Lero sukuluyo ili ndi za magetsi, zosokasoka ndi makompyuta, ndipo Hajira anasankha yomweyo, ati akufuna dipuloma ngati ya bambo ake. Atamva zimenezo, a Bwanausi chakudya chinawakanika.

Patchuthi choyamba Hajira anawapeza akupala chitseko.

"Ababa, kusukulu kuli mpando wina wautali. Aliyense watsopano amamuonetsa. Akuti anaupala wophunzira wina wa gulu loyamba, n'kuthawa."

A Bwanausi anapitiriza kupala pamene panali posalala kale. Manyazi anawagwira.

"Ndiye mumaseka?" anafunsa.

"Timaseka. Koma aporofesori amatiuza kuti tiugwedeze. Zaka makumi atatu, sugwedera. Amati mwini wake akanangofunsa funso limodzi, bwenzi pano akuphunzitsa ndi iyeyo."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa kuseka kuja. Anaika pansi chopalira, akufuna poyambira.

"Mwanangu, dipuloma ija..."

"Ndinautembenuza mpandowo, ababa," anatero Hajira motsitsa mawu. "Kansomba ndinakaona sabata yoyamba."

"Anzako unawauza?"

"Ayi. Ndinabwera kudzafunsa kaye. Ndinene kuti ndi wa ndani?"

A Bwanausi anatolanso chopalira chija, zipalapala zili mbwee kumapazi.

"Ukanene kuti ndi wa abambo ako," anatero. "Ukanenenso kuti sanamalize."