Nyongolotsi ilibe chipani

Lachiwiri la sabata yatha ndinakalipira munthu mu ofesi yake yomwe, ndipo sindikupepesa. Inu amene mumawerenga danga lino mukudziwa kale kuti mtima wanga suchedwa kuwira. Koma ulendo uno tandimverani kaye musanandiweruze.

Ndili ndi mwana wamkazi, dzina lake Tadala. Ali fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kawale. Sukuluyo sindiitchula, mwanayo adakali ndi chaka china pomwepo. Masamu amangokwawa nawo, Chingerezi bolaniko. Koma mumpatse pensulo ndi pepala, mudzagwira pakamwa. Anajambulapo amayi ake akukangana ndi wogulitsa makala, ndipo wamakalayo atachiona chithunzicho anadzizindikira yekha, n'kuseka mpaka kutsamira njinga.

Kusukuluko kuli kalabu ya ulimi: ana ochepa ndi kadimba kuseri kwa makalasi. Aphunzitsi oyang'anira kalabuyo, a Kamwendo, anaganiza zodinditsa matisheti oti anawo adzavale pa tsiku la makolo. Pachifuwa pakhale chizindikiro cha kalabu, chimene ana amasiku ano amati logo. Ntchito yojambula inagwera Tadala.

Mwana anabwera kunyumba akuuluka. Anakapempha chimanga chachiwisi kudimba la aneba athu, n'kuchisenda theka, n'kuchiimika patebulo. Masiku anayi akuweruka kusukulu n'kumangokhala nacho maso ndi maso. Anajambula njere imodziimodzi, makoko ake, ngakhale ndevu zake zomwe. Atamaliza, amayi ake anati, "Iii, koma ichi n'chofunika kungochiika pamoto!"

Chithunzi chinapita kwa a Kamwendo. A Kamwendo anachikonda, koma anati chidutse kaye kwa ahedi. Ahedi anachiyang'ana, n'kuvula magalasi.

"Ayi. Chimanga ndi cha chipani."

Tadala sanataye mtima. Kalabu yawo imawetanso nkhuku zingapo, ndiye anajambula tambala atakweza khosi, lipombo lili njoo. Ahedi akuti anachita kudzuka pampando.

"Mwana iwe, ukufuna undithetsere ntchito? Tambala ndi wa chipani china!"

Kachitatu anajambula manja awiri atafungatira mbande. Manja? Nawonso ali ndi eni ake. Anajambula thumba la feteleza. Ayi, anthu aziti sukulu ikunyoza nkhani ya makuponi. Anajambula khasu. Ahedi anakanda mutu n'kunena kuti afunse kaye, mwina pali kachipani kena kamene kanalitenga iwo osamva.

Kenaka anamuuza za utoto. Chikasu ayi. Buluu ayi. Kubiriwira ayi.

Mwamva, abale anga? Kalabu ya ulimi yoletsedwa kubiriwira! Tsono mbewu zawo zizimera zamtundu wanji, zapinki?

Lolemba madzulo mwana anafika kunyumba, n'kusonkhanitsa mapensulo ake onse, n'kuwaponya m'chitini chakale cha mkaka, n'kuchikankhira pansi pa bedi. Sanalire. Akanalira bwenzi zili bwino. Anangoti, "Adadi, zojambula ndasiya. Zilibe phindu."

Mwana amene chinthu chimodzi chokha chimamuwalitsa nkhope, akuti wasiya. M'mawa mwake sindinakwere minibasi ya ku Kanengo kumene ndimagwira ntchito. Ndinalunjika kusukulu.

"Takulandirani bambo, khalani pansi," anatero ahedi.

"Sindinabwere kudzakhala. Ndabwera ndi funso limodzi. Chimanga ndi cha ndani?"

"Bambo, tiyeni tikambirane mwachifatse."

"Ndati chimanga ndi cha ndani? Agogo anu ankalima chimanga ali ndi khadi la chipani? Tambala wa kwanu akamalira m'bandakucha amakhala akuchititsa msonkhano?"

Mawu anga, mukuwadziwa, safuna chimkuzamawu. Ana a fomu 1 anayamba kusuzumira pawindo. Ahedi anatseka chitseko, n'kutsitsa mawu.

"Bambo, inu mukudziwa mmene zinthu zilili. Chisankho chayandikira. Tsiku la makolo kumabwera akuluakulu. Wina akaona chimanga pachifuwa pa mwana, aziti ndikukopera anthu chipani. Wina akaona tambala, aziti ndine wotsutsa. Mawa lake ndilandira kalata yondisamutsira kusukulu yoti basi imafikako kamodzi pa sabata. Ine ndili ndi ana, ndipo ndatsala pang'ono kupuma."

"Alipo wakuopsezani?"

"Palibe."

"Ilipo kalata yoletsa kujambula chimanga?"

"Palibe. Koma munthu wanzeru sadikira kalata."

Zimene ndinayankha pamenepo akonzi a nyuzi ino sangazisindikize. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko, mpaka kalendala inagwa.

Koma mawu awo aja andikhala m'mutu sabata yonse. Munthu wanzeru sadikira kalata. Ndiye matenda athu amenewo, ndipo ahedi sanawayambitse ndi iwo.

Taganizani. Palibe lamulo limene linapereka tambala kwa munthu. Palibe khoti limene linagamula kuti chikasu ndi cha uje, buluu ndi wa uje. Anthu andale anangobwera n'kutola zinthu zathu za tsiku ndi tsiku, n'kuzidinda pansalu. Ife m'malo mowauza kuti abwereka chabe, tinangowasiyira, n'kuyamba kuziopa tokha.

Pitani pamaliro ku Chinsapo, mukaone mzimayi akusanthula zitenje m'sutikesi, osati kufuna chokongola, koma kufuna chopanda mlandu. Mnzanga wina ku Area 23 anapaka golosale yake utoto wabuluu chifukwa ndi umene unali wotchipa. Sabata isanathe makasitomala ena anayamba kukagula sopo kutsidya kwa msewu. Anachita kupakanso. Lero golosaleyo ili mbuu ngati phulusa, ndipo mwini wake akuti tsopano akugona tulo.

Tinaima pamizere padzuwa kuvotera ufulu wolankhula. Lero tikuopa utoto wa m'chitini. Si zamanyazi zimenezi?

Ndipo zipani zikubadwabe, mwezi uno china, mwezi wamawa china. Chilichonse chikufuna chizindikiro chake. Posachedwa wina atenga mbuzi, wina chinangwa, wina njinga. Mwana wa sitandade 1 akadzauzidwa kuti ajambule nyumba, mphunzitsi azidzayamba waimbira foni kuboma. Tidzatsala ndi chiyani?

Funso limenelo Tadala anandiyankha Lachitatu.

Ndikufika kuchokera kuntchito, ndinamupeza akutsuka mbale panja.

"Adadi, musavutikenso. Logo yadutsa."

"Yadutsa? Chimanga chija?"

"Ayi. A Kamwendo anandichonderera kuti ndiyesenso kamodzi, chifukwa wodinda matisheti akudikira. Ndiye ndinabwereka bolopeni n'kukhwatcha kamzere kamodzi kokhotakhota."

"Kamzere ka chiyani?"

"Nyongolotsi."

Iye anachita zimenezo mopsa mtima, kuti amusiye. Koma akuti ahedi anachinyamula m'mwamba chithunzicho ngati chikho cha mpira. "Eya! Izi ndiye nzeru! Nyongolotsi imakonza nthaka, ndipo ilibe chipani."

Amayi ake a Tadala anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. "Ndiye ana onsewo adzayenda ndi nyongolotsi pachifuwa? Makolo aziti ndi kalabu ya ana ofunika mankhwala a m'mimba!"

Ine sindinaseke. Ndinaona kuti mwana wanga, mosadziwa, wajambula chizindikiro chotiyenera tonse. Nyongolotsi ilibe msana. Ilibe maso. Simveka kulira. Ikangomva mapazi a munthu, osadikira kuti ione ngati ndi mdani, imalowa pansi. Nayonso sidikira kalata. Bwanji osangoiika pazipata za maofesi onse?

Ndinayamba kulalikira zimenezi pakhonde pomwepo, mawu ali pamwamba, aneba akumvera kuseri kwa mpanda. Ndinatchula ahedi, ndinatchula wagolosale, ndinatchula amantha onse a mu Lilongwe muno. Tadala anangondisiya mpaka nditapuma. Kenaka, akupukuta mbale, osandiyang'ana n'komwe, anafunsa:

"Adadi, nanga malaya anu achikasu aja, amene amalume anakugulirani ku Joni, munasiyiranji kuvala?"



"Anandithina," ndinatero.

"Sanakuthineni," anatero amayi ake, misozi yachiseko ili m'maso. "Bambo a Tadala, musaname pamaso pa mwana. Munandiuza nokha kuti ndiwabise pansi pa sutikesi, chifukwa abwana anu atsopano ndi a mbali inayo."

"Anakuopsezani?" anafunsa Tadala.

Mwana ameneyu anali atamva zonse zimene ndinakafunsa ahedi. Sukulu yonse inamva.

Abale anga, ndakanganapo ndi makondakitala, ndakanganapo ndi alandilodi, ndakanganapo ndi apongozi, ndipo sindinasowepo chonena. Tsiku limenelo ndinasowa. Zaka zitatu malaya abwinobwino ali m'sutikesi, ndipo palibe amene anandilembera kalata.

Loweruka m'mawa ndinawatulutsa malayawo, akununkha mankhwala a njenjete. Ndinatenganso zithunzi zokanidwa zija, n'kuyenda wapansi mpaka ku Biwi kwa Che Yusufu, mmisiri amene amalemba zikwangwani ndi kudinda matisheti.

"Chimanga ichi pachifuwa," ndinatero. "Tambala kumsana. Manja pathumba. Ndipo mulembe m'munsi ndi utoto wabuluu kuti Kalabu ya Ulimi."

Che Yusufu anayang'ana malaya, n'kuyang'ana ine.

"Achimwene, pa malaya achikasu? Mukufuna akumenyeni mbali zonse?"

"Dindani."

"Ine ndidinda. Koma akakufunsani, musatchule dzina langa." Kenaka anachibweretsa pafupi ndi maso chithunzi cha chimanga chija. "Wajambula ndani ichi?"

"Mwana wanga."

"Ameneyu dzanja ali nalo. Ine zaka zonsezi ndevu za chimanga zimandikanika."

Lolemba ndinawavala popita kuntchito. Ndisakunamizeni, pochoka pakhomo ndinasuzumira kaye kumsewu ngati ndaba. Mu minibasi anthu anandiyang'ana kutsogolo, ena n'kusuzumira kumsana. Mayi wina anasendeza dengu lake. Kondakitala analephera kupirira.

"Madala, pepanitu, koma inuyo kwenikweni ndinu a kuti?"

"Sumatha kuwerenga? Ndine wa kalabu ya ulimi."

Minibasi yonse inaphulika ndi phwete. Palibe amene anandimenya. Kuntchito abwana anangofunsa ngati ndayamba kugulitsa nkhuku. Kalata mpaka lero sinabwere.

Madzulo ake Tadala anandizungulira kawiri, manja ali kumbuyo ngati woyendera masukulu. Ndinkadikira kuti anene kuti adadi ndinu ngwazi. Iye anangotsinya nkhope.

"Mchira wa tambalayu ndinaulakwitsa. Nthenga zachita kuuma ngati tsache."

Analowa m'nyumba. Ndinamva chitini chikukokedwa pansi pa bedi.

Tsiku la makolo ndi Loweruka likubwerali. Ana adzaima pamzere, aliyense nyongolotsi yake pachifuwa, akuluakulu adzaomba m'manja, ndipo ahedi adzagona tulo tabwino. Ine ndidzakhala pabenchi yakutsogolo ndi malaya anga achikasu. Ahedi, kukalipa kuja sindikupepesa, koma theka lake linali loyenera ine ndemwe, ndalitenga.

Nanga inu amene mukuseka ahediwo, tatsegulani sutikesi yanu. Pansi penipeni mwabisapo chiyani, ndipo anakulemberani kalata ndani?