Ndinamangitsa Chiliza pa Manda a Eni Ake

Inu owerenga, ine ndimagulitsa mafoni akale pa musika ku Raffingora, ndipo palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera mtengo. Luso lomwelo ndi limene linandichititsa manyazi amene ndikuulula panowa.

Makolo athu ochokera ku Malawi anaikidwa kuseri kwa komboni, nyumba za antchito a pa purazi (famu), m'manda opanda zizindikiro. Bungwe lathu la maliro linatsegula wiki, masamba a pa intaneti amene tonse timalembamo. Banja lililonse lili ndi kamutu kake, kofotokoza mzere ndi mtengo umene m'bale wawo anagona pafupi nawo. Woyang'anira ndinali ine, poti ndine wa mafoni.

Vuto linali malinki, timizere todina tofikitsa munthu ku timituto. Mipata ndi mabulaketi zinkasanduka %20 ndi %28, moti anthu ankaopa kudina, ati ndi za mbava. Ndinapita ku Chinhoyi kwa mkulu wina wa makompyuta. Anati ali ndi boti, kapulogalamu koyenda kokha komasulira zizindikirozo kuti ziziwerengeka, koma tiyambe tayesa pa masamba atatu. Ine ndinati kuyesako achotse, mtengo utsike. Anaseka n'kuvomera. Ndinabwerera pa kombi, minibasi ya kuno, ndikudzitama.

Boti inayenda usana umodzi, malinki onse n'kuyera. Sindinadine ngakhale imodzi. Chonsecho inali itameza mawu onse a m'mabulaketi. Ife tili ndi mabanja awiri a Phiri, ena mzere wachiwiri, ena wachisanu, ndipo chowasiyanitsa chinali m'mabulaketimo. Malinki onse awiri anayamba kuloza kwa oyambawo.

Mayi Phiri a ku Arcturus, a banja la mzere wachisanu, amene anachoka kuno ali akhanda, anandipempha linki ya bambo awo. Ndinatumiza. Anabwera ndi simenti, mwala wolembedwa dzina ndi abale odzaza lole, n'kumanga chiliza pa mzere wachiwiri. Anapemphera, analira, anapita.

Patatha sabata, a Phiri enawo anapeza dzina la mlendo pamutu pa manda a mayi awo. Anandipeza pa musika. Sanakuwe. Anangoti, "Mukoma, amayi athu mwawagulitsa zingati?"

Mpaka lero ndimapsa mtima. Mkulu uja ankadziwa kuti boti yake ndi yosayesa, koma anandisiya. Ndikamutukwana mumtima, ndimakumbukira kuti pakamwa pamene panachotsa kuyesa ndi panga. Chiliza ndinagumula ndekha ndi hamala, mabanja onse awiri akuonerera. Mayi Phiri anatola mwala wa bambo awo, n'kuukulunga m'chitenje osandiyang'ana.

Abale anga, musalole boti kuyenda pa wiki yonse musanaiyese pa masamba ochepa. Ikamaliza, dinani linki iliyonse muone kumene ikukufikitsani. Ine ndinakonza zonse pamanja. Pa musika ndimanenererabe ndithu, koma munthu akati tiyese kaye, ndimatseka pakamwa.