Dilesi la makoko a anyezi

Moni nonse kumudziko.

Paja ndinakuuzani kuti korona itabwera, ntchito ya madamu anga a ku India aja inatha, ndipo ine ndimangodikira tsiku loti andiuze kuti khalas, ndiye kuti basi zatha, bwerera kwanu. Lero m'mawa atandiitana kukhitchini, ndinapita ndikuganiza kuti tsiku lija lakwana.

Ndapeza mpoto ukuwira ndi makoko a anyezi amene akhala akundiletsa kutaya mwezi wonse. Anaviikamo dilesi loyera la thonje lolukidwa pamanja kwawo, n'kutuluka lachikasu ngati dzungu lakupsa. Litauma pakhonde, anadindapo maluwa ndi chidindo chamtengo chimene anasema malemu bambo awo. Kenako akuti, "Esnati, tavala ndikujambule."

Abale, nsalu yake ndi yopepuka, thupi likupuma ngakhale kunja kukuotcha chonchi. Atangoika chithunzi pagulu la pafoni la amayi a kuno ku Discovery Gardens komwe tikukhala, anayi aitanitsa awo. Madamu anandigwira dzanja, zala zathu tonse zili chikasu chokhachokha, n'kunena kuti, "Sukupita kulikonse, ntchitoyi tizigwira awiri."

Chithunzicho ndi ichi. Amayi, mukuliona bwanji, landikhala? Kapena ndipemphe lalitali loti ndidzavale kutchalitchi akadzatsegula?