Kyutekisi Wofiira pa Nsalu Yoyera

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Zinali zaka zija mafakitale a ku Kafue anayamba kuchotsa anthu, misika n'kudzaza salaula, zovala zija za kaunjika, ndi katundu wakunja. Atate, amene anachoka ku Katete kudzagwira makina oluka nsalu ine ndisanabadwe, anabwera kunyumba tsiku lina masana n'kukhala pakhonde, ndipo kuyambira pamenepo khondelo ndilo linasanduka ntchito yawo. Ine ndinali nditangomaliza sukulu. Chochita ndinalibe, koma kutunga madzi ndi kuimba kwaya kutchalitchi chathu cha Pentekosite.

Mnzawo wa atate, Ba Tembo, anakana za pakhonde. Ndalama zimene anawatsanzika nazo kufakitale anagulira TV, deki yoonetsera matepi a vidiyo ndi kajenereta, n'kumanga chisakasa cha matabwa ndi malata kuseri kwa msika wa Nangongwe. Tsiku lina anandipeza pamzere wa pampopi ndikusimbira amayi ena filimu imene ndinaonera kwa mnzanga, ndikusintha mawu, apa a mwamuna, apa a mkazi. Madzulo ake anafika kwathu.

"Ba Banda, uyu mwana wanu Tisa ali na kamwa," anatero kwa atate. "Nipaseniko azinimasulila mafilimu."

Atate anangofunsa ngati ndizidzaweruka dzuwa lisanalowe. Mawa lake ndinayamba.

Ndinkasesa, kuyala mabenchi, kenako n'kuima pambali pa TV ndikumasulira m'Chinyanja, poti Chizungu cha m'mafilimumo chinali chothamanga ndipo sipika inali yosasa mawu. Koma ntchito yeniyeni inali ya deki. Ku Kafue chinyontho cha mtsinje chimalowa paliponse, choncho matepi ankachita chuku choyera. Chukucho chikamata pa hedi, kang'oma konyezimira kamene kamawerenga tepi, chithunzi chinkasowa n'kutsala timadontho toyera tothamanga timene tinkatitcha mpunga. Pamenepo umatsegula chivindikiro cha deki, kuviika nsalu yoyera mu sipiriti, kuigunditsa pa hedi n'kuizungulitsa pang'onopang'ono ndi chala. Kupukuta chokweza ndi chotsitsa kunali kupha deki.

Nthawi zina deki inkatafuna tepi. Zikatero umamasula kaseti, kusolola gawo lofwanyikalo, kulidula ndi lezala mopingasa uku ndi uku, kudontheza kyutekisi, utoto uja wopaka m'zikhadabo, kuseri kwa nsonga imodzi, kusanjikapo inayo n'kupsinja. Kyutekisi wathu anali wofiira chifukwa Ba Tembo anangotenga botolo la akazi awo. Lamulo lawo linali limodzi: "Kyutekisi ikalibe kuuma, osaika tepi mu deki. Izamata ku hedi, ndiye kuti tasila."

Mafilimu a karate ankakoka anyamata, koma imene inkadzaza chisakasa inali nkhani ina yaitali yochokera kumadzulo kwa Afirika, yobwera zigawozigawo, tepi ikatha n'kudikira ina. Inali ya mkazi wa m'madzi amene anatuluka mumtsinje n'kukalembedwa ntchito m'sitolo yaikulu ya mumzinda. Ankavala nsapato za gogoda, koma poponda pake pankatsala madzi. Anakondana ndi woyendetsa takisi wosauka, chonsecho kwawo pansi pa mtsinje anamulumbiritsa kuti tsiku limene adzaulule chimene ali, mwamunayo adzamira. Akalira, mipopi ya mumzinda wonse inkatseguka yokha. Zikafika pamenepo amayi a ku Nangongwe, kumene mipopi inkangotulutsa mphepo, ankakuwa kuti, "Abwele alilileko na kuno!"

Za ufiti tonse tinakula tikuzimva, koma zinali za kumudzi, za nkhalamba ndi malichero. Awa anali matsenga okwera takisi, odzola milomo, oyankha telefoni, matsenga oti ungakhale nawo mpando umodzi m'minibasi. Abambo ochotsedwa ntchito ankagwedeza mitu poona kuti chuma cha mumzinda chili ndi kochokera kwake. Amayi ankafuna kudziwa chinthu chimodzi, ngati mwamuna angakukondebe atadziwa zonse za iwe. Ine nkhaniyo inkandiopsa, ndinkailota, komabe palibe ankaikonda kuposa ine.

Mwina kupatula Mutinta. Anali mtsikana wa msinkhu wanga, mwana wa mayi wina wogulitsa nsomba zochokera ku Chanyanya, ndipo ankakhala benchi yakutsogolo n'kumalira chigawo chilichonse. Pakhomo pankakhala Amake Dalitso ndi beseni la vitumbuwa. Vonyenyeka ankandipatsa ulere, ndipo ankanditchula kuti mwana wanga.

Si onse ankasangalala nafe. Mtsogoleri wa achinyamata kutchalitchi kwathu, Ba Kelvin, ankalalikira kuti mavidiyo ndi chitseko cha Satana, maso ali pa ine m'kwaya. Masiku amenewo nkhani za masatanisti zinali pakamwa pa aliyense. Munthu akangolemera pomwe anzake akugwa, ankati amagulitsa magazi a anthu, ndipo tinkamva kuti kumatauni ena anthu anatentha masitolo chifukwa cha mphekesera zotere. Ndinkazimva ngati nkhani za kutali.

Tsiku lina masana, mkazi wa m'madzi uja atangotsegula pakamwa kuti aulule, deki inalira kuti khwee n'kutafuna tepi. Anthu anatuluka akung'ung'udza. M'mawa mwake Ba Tembo anakwera minibasi ya ku Lusaka kukafuna kalamba katsopano kozungulitsa deki, poti kakale kanali katayamba kufooka, n'kundisiyira ntchito yolumikiza tepi anthu asanabwere.

M'chisakasamo munali mdima ngakhale m'mawa, chifukwa mipata yonse tinaimata ndi mapulasitiki akuda kuti chithunzi chizioneka. Jenereta inali ya nthawi yoonetsa yokha, choncho ndinayatsa kandulo. Chitseko ndinakankhira chifukwa fumbi ndi mdani wa tepi. Ndinayala nsalu yoyera pabenchi, kuikapo lezala, sipiriti ndi kyutekisi, n'kusolola tepi yofwanyika ija, yakuda, yopotanapotana. Nditangotsegula botolo, chitseko chinatseguka mwadzidzidzi. Ndinadzidzimuka, botolo n'kugwa, kyutekisi n'kuyenderera pansalu ndi m'zala zanga.

Anali Amake Dalitso. Anayang'ana kandulo, lezala, nsalu, zala zanga. Beseni la vitumbuwa linagwa pansi.

"Mayo! Magazi! Bwelani muone vamene achita uyu mwana!"

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Mutinta sanagone kwawo usiku umenewo. Amake anali atazungulira Nangongwe yense kuyambira mbandakucha, ndipo wina anali atanena kale kuti anamuona komaliza akutuluka m'chisakasa chathu, akulowera njira ya kumtsinje. Nkhani ziwirizi zinakumana pamsika ngati moto ndi udzu wouma.

Nditamva mapazi ndinathamangira chitseko n'kukhoma. Mwala woyamba unagwa padenga, wachiwiri, kenako sindinathenso kusiyanitsa. Mawu ankalowa m'mipata ya matabwa, ndipo ambiri ndinkawadziwa, anali a anthu amene ndinkawaseketsa tsiku ndi tsiku.

"Ni ba satanisti aba! Mwana bamugulisa ku manzi!"

"Leta tayala!"

Kenako ndinamva fungo la parafini. Mkodzo unatsika wokha, ndipo manyazi analibe malo. Ndinayesa kupemphera koma mawu okha amene anabwera anali akuti amama, amama. Ndinaganiza za atate ali pakhonde, osadziwa kuti mwana wawo amene anamulola kugwira ntchito ya masana akufa masanasana.

Wina anagogoda, osati ndi mwala koma ndi dzanja. "Sista Tisa, ndine Kelvin. Ngati ulibe mulandu, segula. Ukakana bazashoka na iwe mukati."

Ndinatsegula. Analowa ngati madzi, mpaka m'chisakasa munasowa popuma. Bambo wina anali atakoleka tayala paphewa. Amake Dalitso anali ndi botolo la parafini m'manja. Amake Mutinta, maso ali psuu, ananyamula nsalu ija n'kuiika pamphuno panga.

"Aya magazi ni ya ndani? Mwana wanga ali kuti?"

"Ni kyutekisi, amai. Nunshani. Nenze kulunda tepi chabe."

Ananunkhiza, koma nsaluyo inkanunkhanso sipiriti, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti ndiwo mankhwala ake amenewo. Ba Kelvin anakweza Baibulo kuti anthu akhale chete. "Ngati ni tepi chabe, ilunde tione. Ikalila, ni tepi. Ikakana, Mulungu aziba."

Ndinagwada pabenchi. Chifukwa cha phuma lezala inandicheka chala, magazi enieni n'kusakanikirana ndi kyutekisi, ndipo ndinabisa chalacho m'chitenje kuti asaone. Ndinadula mopingasa uku ndi uku, kukanda kyutekisi wotsala pansi pa botolo, kusanjika nsonga, kupsinja.

"Manje ika!" anatero bambo wa tayala.

Apa ndi pamene ndinaona imfa bwinobwino. Kyutekisi anali wosauma. Ndikanaika tepi pomwepo, akanamata pa hedi, TV ikanaonetsa mpunga wokhawokha, ndipo akanati ndabisa chithunzi ndi matsenga. Kuwauza kuti adikire, akanati ndikuitana anzanga a pansi pa mtsinje. Panalibe chimene ndinkadziwa kuchita pamaso pa gulu la anthu koma chimodzi. Ndinaimirira pamalo anga a masiku onse, pambali pa TV yozima, n'kufunsa funso limene ndinkayambira nalo tsiku lililonse pokumbutsa anthu pamene tinalekezera dzulo lake.

"Mailo tinasiyila pati?"

Mawu anga anali ngati a mwana wa mbuzi, koma ndinayamba kusimba. Ndinasimba za mapazi onyowa m'sitolo, za lumbiro la pansi pa mtsinje, za mipopi. Mutu unali utasokonekera ndi mantha, ndipo ndinanena kuti mkaziyo anaima pamlatho pamene ankafuna kuulula.

"Iyai, sanali pa bulichi," wina anandidula. "Enze mu takisi, mvula ili kugwa."

Anthu onse anatembenuka. Anali Ba Kelvin, Baibulo lili m'khwapa, ndipo pakamwa pawo panatsala yasa.

"Ba Kelvin," anafunsa mayi wina wogulitsa tomato, "imwe mwaziba bwanji?"

Wina anaseka, n'kuloza kabowo ka m'thabwa la kumbuyo komwe pulasitiki inkang'ambika sabata iliyonse ife osadziwa woing'amba. Kusekako kunafalikira. Sikunali kuseka kwabwino, koma munthu sangaseke ndi kuyatsa machesi nthawi imodzi. Ndinapitiriza kusimba, ndikukokera nkhani ngati mphira, anthu akundikonza apa ndi apo, mpaka ndinakhudza polumikiza paja ndi chikhadabo n'kumva kuti pauma.

Ndinatseka kaseti. Mnyamata wina wa pamsika anakoka chingwe cha jenereta. Ndinakankhira tepi m'deki. Chithunzi chinabwera, chinanjenjemera, ndipo pofika polumikiza paja TV yonse inasanduka mpunga. Ndinatseka maso. Nditawatsegula, nkhope ya mkazi wa m'madzi inali pamenepo, m'takisi, mvula ikugwa.

Anthu anayamba kukhala pamabenchi, mmodzimmodzi. Bambo uja anatsitsa tayala n'kukhalapo. Amake Mutinta okha ndiwo anatsala chiimire, akulira, akufunsabe za mwana wawo. Ndipo poti tsopano anthu ankalankhula motsitsa mawu, zinthu zinayamba kukumbukika. Amake Dalitso omwewo ananena kuti pali kondakitala wina wa minibasi amene ankamugulira Mutinta vitumbuwa tsiku lililonse. Wina anati kondakitalayo sanaoneke pasiteshoni m'mawa umenewo. Patapita masiku, Mutinta anapezeka ku Lusaka, ali bwinobwino, akuphikira kondakitala wake nshima.

Tsikulo ndinamasulira chigawo chonse mpaka kumapeto, chitenje chili chonyowa, chala chikuchucha. Pakamwa pankagwira ntchito pokha. Mpaka lero mukandifunsa ngati woyendetsa takisi uja anamira, sindikudziwa, ndipo tepiyo sindinafunenso kuionera.

Ba Tembo atabwera madzulo anamva zonse akuyang'ana madzenje a miyala padenga. Kenako anati, "Kuyambila lelo chitseko chizinkala chosegula, olo fumbi ingene." Anagulanso kyutekisi wopanda mtundu. Ndinagwira nawo ntchito mpaka matepi atatha fasho, ndipo ntchito zonse zimene ndagwira kuchokera pamenepo, ya telala imene ndili nayo lero ndi yomwe, ndimazigwira poyera, chitseko chili pululu. Anthu akamaona chimene manja ako akuchita, sakhala ndi mpata wokupekera nkhani. Ndinaphunziranso kuti anthu amene amakonda nkhani za matsenga m'bokosi ndi omwewo amene amazifunafuna pakhomo la mnzawo.

M'mawa wa tsiku lotsatira, posesa, ndinapeza botolo la parafini lija pansi pa benchi. Ndisanaganize choti ndichite nalo, Amake Dalitso anasuzumira pakhomo, beseni lili pamutu, m'dzanja muli vitumbuwa viwiri vonyenyeka.

"Mwauka bwanji, mwana wanga? Sunaoneko botolo yanga ya parafini? Mailo tinagona mu mudima."

Ndinawapatsa ndi manja awiri, monga anandiphunzitsira amama. Analiyang'anitsa kudzuwa kuti aone ngati parafini sinachepe.