Chithunzi cha a Zuze

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinapulumutsa kompyuta ya amalume anga. Ndikuti kupulumutsa chifukwa ndi mawu amene ndinkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Amalume anali ndi mawu awoawo, koma amenewo sangalembedwe m'nyuzipepala.

Amalumewo, a Mulipa, anali ojambula zithunzi pa Nkando. Situdiyo yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi bambo wogulitsa nsomba zouma, moti aliyense wojambulitsa ankatulukamo akununkha usipa. Kukhoma kunali nsalu ziwiri. Ina inali yojambulidwa nyumba yosanja ndi galimoto yofiira, ya anthu ofuna kuoneka ngati ali ku Joni. Inayo inali yoyera, ya zithunzi za ziphaso, ndipo imeneyi ndi imene inkatidyetsa. Otchola tiyi ndi alonda a m'maesiteti ankafunika kachithunzi ka pachiphaso cha ntchito, ndipo kwa ambiri a iwo kameneko kanali koyamba ndi komaliza kujambulitsa pa moyo wawo wonse.

Amalume ankazidziwa zimenezi, choncho sankafufuta kanthu. Chithunzi chilichonse ankachisunga m'kompyuta, m'mafoda olembedwa mayina a midzi. Munthu akamwalira, abale ankafika m'mamawa, asanagule n'komwe nsalu ya bokosi, n'kunena kuti, "Akulu, tatipezereni nkhope ya bambo athu." Amalume ankaifufuza, n'kuikulitsa, n'kuiika m'felemu kuti itsogole pa maliro, kenako ikapachikidwe pabalaza. Ntchito imeneyi ankaigwira atavula chipewa. Nkhope za zaka zisanu ndi ziwiri zinali m'bokosi limodzi lotuwa limene linkalira ngati chigayo chakutali.

Vuto linali mavairasi. Aliyense wobwera ndi fulashi kapena memori kadi yochokera kobenetsa nyimbo ankatisiyira kamatenda kake. Kompyuta ukaiyatsa unkatha kupita kukagula mandasi, kucheza pang'ono ndi telala, n'kubwerako isanatseguke. Amalume ankaimenya m'mbali ngati wailesi yakale, uku akutchula mawu a Chilomwe amene amayi ankatiletsa kunena.

Ine ndinkakhala kwa amalumewo chifukwa sukulu inali pafupi, ndipo chaka chimenecho ndinatembenuka mtima. Mphunzitsi wina wachinyamata wa sayansi anandipatsa chimbale cholembedwa ndi maka kuti Linux. Anati iyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yopangidwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana mongodzipereka. Ndi yaulere, sulira kuiba, aliyense akhoza kusuzumira m'kati mwake n'kusintha zimene akufuna, ndipo mavairasi a m'mafulashi athuwa saigwira. Ndinamvetsera ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. Pofika sabata yotsatira ndinali nditayamba kulalikira. Ndinalalikira telala, amene analibe kompyuta. Ndinalalikira wa nsomba, amene analibe ngakhale foni. Amalume ndinkawalalikira m'mawa ndi madzulo.

"Imasindikiza zithunzi?" anandifunsa tsiku lina.

"Imachita chilichonse, amalume. Ndi ufulu umenewu."

"Ufulu ndinauona kale ine. Usakhudze makinawo."

Loweruka lina amalume anapita kukajambula ukwati cha ku Mulanje Mission, nandisiyira kiyi kuti ndizipereka zithunzi kwa odzatenga. Magetsi anayaka tsiku lonse osathima, ndipo ine ndinaona kuti chimenechi ndi chizindikiro chochokera kumwamba.

Musaganize kuti ndinali wopusa wamba. Ndinali wopusa wosamala. Mphunzitsi uja anandichenjeza kuti ndisanaike Linux ndiyambe ndasunga zonse kwina, choncho ndinatenga fulashi yanga, n'kusankha mafoda onse a midzi, n'kukopera. Zinatenga masekondi ochepa chabe. Zithunzi za zaka zisanu ndi ziwiri zinalowa m'kafulashi ka mwana wasukulu munthu asanamalize kuyetsemula. Wanzeru akanadabwa. Ine ndinadzitama. Ndinaona mayina a midzi atandandalikana pafulashipo, mafoda achikasu bwinobwino, ndipo sindinatsegule ngakhale imodzi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti vairasi ya masiku amenewo inkabisa mafoda enieni, n'kuika m'malo mwake tizikwangwani tooneka ngati mafoda, tongoloza kumene zinthu zabisidwa. Ukadina kachikwangwaniko pa kompyuta yomweyo zithunzi zinkatseguka ndithu, n'chifukwa chake amalume sankazindikira kanthu. Ine ndinakopera zikwangwanizo. Kunali ngati kuzula chikwangwani cha pamsewu cholozera ku msika wa pa Chonde, kuchisenza, n'kumauza anthu kuti wasamutsa msika.

Kenako chimbale chija chinandifunsa mwaulemu wonse ngati ndikufuna kufufuta zonse za m'kompyutamo. Chinafunsa kawiri. Mwa onse amene tinalipo tsiku limenelo, chimbalecho n'chokhacho chimene chinaonetsa khalidwe labwino. Ndinavomera kawiri konse.

Dzuwa likupendeka, kompyuta inali itayera, ikutseguka mofulumira, osaliranso. Ndinalowetsa fulashi kuti ndibwezeremo zithunzi. Linux siinama, ndipo inandionetsa zenizeni zimene zinalimo: timafayilo tating'onoting'ono, topanda kanthu m'kati, tokhala ndi mayina a midzi. Ndinadina ka mudzi wa Chonde, palibe. Ndinadina mudzi wa kwathu, palibe. Ndikukumbukira kuti panja wa nsomba ankakangana ndi mayi wina za kukula kwa mulu wa usipa, ndipo ndinkamva liwu lililonse bwinobwino, ngati makutu anga akula.

Amalume anafika fumbi lili m'nsidze, atandisungira kachidutswa ka keke ya ukwati m'pepala. Ndinawafotokozera. Anakhala pampando wa makasitomala. Ndinkayembekezera chikoti, ndipo kunena zoona ndinkachifuna, chifukwa chikoti chimatha.

"Chabwino," anatero. "Tasindikiza za ukwatizi, tiuone ufulu wakowo."

Pulinta inakana. Linux sinkaidziwa pulinta ya amalume, ndipo pulintayo sinkafuna kudziwana nayo. Ndinalimbana nazo Lamulungu lonse, osapita kutchalitchi, wopanda intaneti yoti ndifunseko, ndikungolemba malamulo amene ndinakopera m'kope kwa aphunzitsi ngati munthu wopemphera m'chilankhulo chosachidziwa. Lolemba m'mawa amalume anamangirira kompyutayo panjinga n'kupita nayo kwa munthu wina wokonza pa Chonde, amene anabwezeramo pulogalamu yakale ija, imene inali yakuba. Ulamuliro wa Linux pa Nkando unakhala masiku awiri. Mavairasi anabwerera sabata yomweyo, ngati ana obwera ku holide.

Kwa masabata atatu palibe amene anamwalira mwa anthu amene amalume anawajambulapo, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina anthu asiya.

Kenako m'mawa wina wa chiperoni, mvula ikuwaza ngati ufa ndipo phiri losaoneka, panafika bambo atavala jekete lalikulu kuposa msinkhu wawo. Anaima pakhomo n'kupukuta mapazi nthawi yaitali.

"Akulu, alamu anga a Zuze atisiya. Paja munawajambula chaka chimene ankalowa ulonda ku esiteti."

Amalume anavula chipewa monga mwa nthawi zonse, koma sanatembenukire ku kompyuta. Anatembenukira kwa ine.

"Tsogolani, abambo, tikupezani komweko." Bambowo atachoka, amalume anandiuza kuti, "Vala malaya oyera. Ukafotokoze wekha."

M'njira, ndili pa kaliyala ya njinga, amalume anandiuza za munthuyo. A Zuze anabwera kuno ali khanda, ataberekedwa kumbuyo, amayi awo akuthawa nkhondo ku Mozambique. Analibe chithunzi cha ubwana, analibe cha ukwati. Tsiku lojambulitsa anabwereka tayi kwa telala, ndipo amalume anawajambula katatu chifukwa ankangoseka.

Tinadutsa nthambi zimene anayala pamsewu, tinatsika panjinga, tinalowa pasiwa. Amayi ankaimba m'nyumba, utsi wa nkhuni zonyowa ukukwawa pansi. Mkazi wa malemuyo anamutulutsira kuseri kwa nyumba atamugwirizira, chitenje chili kumutu. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Pamiyendo anakhazika kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, dzina lake Tereza, kakutafuna chisononkho cha chimanga.

Ndinagwada m'matope. Ndipo Mulungu andikhululukire, ndinayamba ndi mbiri ya mavairasi. Ndinafotokoza za mafulashi, za mafoda obisika, za zikwangwani. Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye chithunzicho chili kuti?"

"Chinafufutika, mayi."

"Chinafufutika chokha?"

Amalume anatsokomola kumbuyo kwanga.

"Ndinachifufuta ndine."

"Anakulakwira chiyani, mwanawe?"

Sikunali kunyoza. Ankafunsadi. M'maganizo mwake munthu sangafufute nkhope ya mnzake popanda chifukwa, ndipo ankafuna achimve chifukwacho. Ine ndinalibe. Sindikanati ndinkafuna kompyuta izitseguka msanga.

Anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa chiphaso cha ntchito cha amuna ake. Chinakhala zaka zitatu m'thumba la malaya a mlonda, m'mvula za kuno. Dzina linkawerengeka. Pamalo pa nkhope panali banga lotuwa ndi kachidutswa ka tayi.

"Ine ndiziwakumbukira," anatero. Analoza mwanayo ndi chibwano. "Nanga uyu?"

Ulendo wa kumanda unanyamuka masana, kutsogolo kuli mtanda ndi nkhata za maluwa basi.

Chilango changa chinayambira pamenepo. Kuchokera tsiku limenelo, aliyense akabwera kudzafuna nkhope ya m'bale wake, amalume ankavula chipewa n'kundiitana, "Lameki, alendo ako." Ndikakhala kusukulu ankawauza kuti abwerenso masana. Ndinaphunzira kunena zonse m'mawu awiri, popanda mbiri ya mavairasi. Ena ankangopukusa mutu, ena ankatukwana, gogo wina anandilavulira pansapato. Zinakhala choncho mpaka ndinalemba mayeso a Folomu 4.

Ndinapita ku koleji ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta, poti matenda ena sachira. M'chaka choyamba, mphunzitsi wathu anatifotokozera kuti kompyuta ikati yafufuta chinthu, nthawi zambiri imakhala yangofufuta dzina lake pamndandanda, chinthucho chidakali pomwepo mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake. Anatenga diski yofufutidwa, anatsegula kapulogalamu kaulere koyenda pa Linux, ndipo zithunzi zinayamba kutuluka chimodzichimodzi ngati ngumbi. Anzanga anawomba m'manja.

Ine ndinali kuwerengera m'mbuyo. Loweruka lija, nditamaliza upulumutsi wanga, nkhope zambiri zinali zidakali m'bokosimo. Lamulungu lija ndikulimbana ndi pulinta zinalimobe, mwina ndi a Zuze omwe, tayi yawo ili pakhosi. Chimene chinazikwirira ndi ulendo wa pa Chonde, ndi zithunzi zatsopano zimene tinkaunjikamo tsiku ndi tsiku. Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati zingatheke pa diski imene yagwira ntchito zaka zinayi chifufutireni.

"Zaka zinayi? Pepani, akulu. Kaigulireni maluwa."

Kalasi inaseka. Nanenso ndinaseka, chifukwa anayankha bwino.

Amalume sindinawauze zimenezi mpaka lero. Ndikawauza, aziti iwonso anaikapo dzanja pomangirira kompyuta ija panjinga, ndipo katundu ameneyu ndi wanga, sagawana. Koleji ndinasiyira chaka chachiwiri. Zifukwa zake ndimafotokoza mosiyanasiyana malinga ndi amene wafunsa, ndipo chilichonse chili ndi bodza pang'ono.

Pano ndili pa Nkando pomwepa, ndimakonza mafoni. Pansi pa tebulo m'chipinda changa pali makompyuta atatu akale amene maofesi anataya, olumikizana ndi nthambo, oyendera batire ya sola. Anzanga a pa intaneti, amene sitinaonanepo, amati imeneyi ndi seva ya pakhomo, ndipo timatumizirana zithunzi za maseva athu ngati makolo onyadira ana. Onse atatu amayenda ndi Linux. Chithunzi chilichonse chimene amalume ajambula chimasungidwa malo atatu, ndipo mwezi uliwonse ndimatsegula zingapo ndi maso anga kuti ndione ngati mulidi nkhope. Kungoti masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba, situdiyo imakhala duu, ndipo seva yanga imalondera mokhulupirika zinthu zimene palibe akuzifunsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ulaliki wanga unali woona. Linux ndi yaulere, mavairasi aja saigwira, ndipo pulinta ya mtundu uja masiku ano imaidziwa bwinobwino. Sindinanamize munthu. Koma ndinatenga zaka kuti ndimvetse kuti kukhoza pa nkhani ya makina sikunandipatse chilolezo chogwira chinthu cha eni ake, ndiponso kuti eni akewo sanali amalume okha. Ndinkafuna kuthokozedwa kwambiri moti ndinalibe mphindi imodzi yotsegula foda n'kuyang'ana.

Tereza wakula. Pa tsiku la msika amathandiza mayi ake kugulitsa tomato pafupi ndi poimira maminibasi. Ndamvapo akuluakulu akumuuza kuti, "Iwe mphuno imeneyi ndi ya a Zuze yeniyeni." Iye amagwira mphunoyo n'kufunsa kuti, "Eti?" ndipo amangovomera, chifukwa alibe poyerekezera. Sindikudziwa ngati anamuuza za ine. Amandipatsa moni mwaulemu ngati mmene amachitira ndi aliyense.

Tomato ndimagula kwina.