Phazi Lodziwa Nthaka

Ku Chisepo, munthu akapeza munda watsopano, asanaponye khasu ankayamba waitana a Isake. Mkuluyu sukulu anangoinunkhiza, koma phazi lawo lamanzere linali lophunzira kuposa alangizi ena. Ankavula nkhwaira n'kuyenda m'mundamo mame asanakamuke, atatsinzina ngati ali m'pemphero. "Apa dzalani fodya. Apo mtedza. Uko musataye feteleza wanu, pagona kaufiti." Anthu ankaseka, komabe ankachita zomwezo, ndipo nkhokwe zinkadzaza.

Munda umodzi wokha ndi umene ankauyembekeza ndi mtima wonse, wa mwana wawo Abigail, mphunzitsi wa ku Chezi, amene anali atangopatsidwa malo m'mbali mwa phiri. Anamulonjeza kuti mvula isanagwe adzaupondaponda wonse.

Kenako pansi pa phazi lomwelo panatuluka kadontho kakuda. Akazi awo, a Roza, anati ndi thekenya. Nanga china n'chiyani kwa munthu woyenda chosavala? Anatenga pini n'kuyamba kutokosa. Anatokosa miyezi yambiri thekenya losaonekalo, mpaka kadontho kaja kanasanduka bala ndipo m'mphechepeche munatuluka mwanabere. Abigail ndiye anawakokera ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anauzidwa kuti ndi khansa ya pakhungu, yotchedwa melanoma.

Pa benchi yolandirira mankhwala anapezana ndi a Lazaro a ku Ntchisi, odwala nthenda yomweyo. Ankakhala moyandikana, diripi ikudontha pang'onopang'ono. A Isake akasinza ankaona mankhwala aja akuyenda m'thupi mwawo ngati madzi oyamba m'mizere, akulowa, akufewetsa. Ankadziona ali paphiri la ku Chezi, nkhungu ikuwafika m'mawondo, phazi lili bwinobwino.

Patapita miyezi itatu, chotupa cha a Lazaro chinaphwa, cha a Isake chinakula. Zinawapweteka, ndipo tisabise, nsanje inawagwira.

"Adokotala, kodi anzangawa mumawathira zenizeni, ine n'kumandipatsa zosukuluka?"

Dokotalayo, mayi wachitsikana dzina lake Thoko, anakoka mpando n'kukhala pafupi. "Mankhwala ndi amodzimodzi, bambo. Koma khansa yanu ndi yawo, dzina lokha ndi limene likufanana. Ina mankhwala akalowa imawalavula asanagwire ntchito. Ina akaivulaza imadzikonza yokha n'kupitiriza kukula. Ngakhale matupi amasiyana, chiwindi cha wina chimachotsa mankhwala msanga kuposa cha mnzake. Ndipo khansa imeneyi kawirikawiri ndi yosamva. A Lazaro achita mwayi."

A Isake anakumbukira minda ya ku Chisepo. Zaka makumi anayi akhala akuuza anthu mawu omwewa: thumba la feteleza ndi limodzi, koma minda ndi iwiri. Anaseka pang'ono, misozi ikulengeza. "Ndiye kuti ndayenda m'minda ya eni dziko lonseli, osaupondako wangawu, thupi langali."

Mwezi wa Okotobala, mitambo itayamba kusonkhana cha ku Ntchisi, anaumirira kuti awatengere ku Chezi. Anawakweza pa ngolo mpaka pamunda paja, n'kuwakhazika pachulu. Anayesa kutsitsa phazi lokulungidwa nsalulo. Silinamve kalikonse koma moto wake womwe.

"Abigail, vula nsapatozo."

"Ababa, ana asukulu akandiona?"

"Akuone. Vula, ndipo utsinzine."

Anavula. Anayenda mopepesa, akudumpha timiyala, monga munthu amene mapazi ake analeredwa ndi sokosi. Bambo ake nawo anatsinzina, zala za phazi lodwala zikugwedera m'kati mwa nsalu ngati nazo zikuyenda.

"Ukumva chiyani?"

"Kuwawa basi."

"Pitirira. Usafulumire, nthaka sikonda kufunsidwa mothamanga."

Anayenda mpaka kumunsi, kufupi ndi mtengo wa msuku. Kumeneko anaima nthawi yaitali, akukwirira zala m'dothi.

"Ababa, pano pakuzizira. Pakukhala ngati pakupuma."

A Isake sanatsegule maso. Malowo anali atawaona kale kuchokera pa ngolo, ndipo ankaopa kuti mwanayo awadutsa. Anamwetulira ndi chimwemwe.

"Pamenepo udzale chimanga," anatero. "Chaka chamawa usadzandidikire, udzangovula nsapato."