Nthutumba ya Atate

Nkhuku ili ndi miyendo iwiri ndi mapiko awiri, ndipo wophika akakhala wochenjera chidale chake chimagawika pakati. Koma nthutumba, imene anzathu a ku Nangongwe amaitcha nondo, ndi imodzi yokha basi. Kanyama kolimba, kosaposa chibakera cha khanda, koma kwathu kanatsala pang'ono kupasula banja.

Ndinakulira ku Estates, kuno ku Kafue, ndipo m'nyumba mwathu nthutumba inali ya Atate. Ana tinkapatsidwa khosi ndi zipalapasiro. Amai ankatenga msana, n'kumatiuza kuti ndiwo umawakomera, bodza limene ndinalikhulupirira mpaka nditakula. Ndikawafunsa chifukwa chimene sankalawira nthutumba, ankati mkazi sadya zimenezo. Ndikafunsanso kuti adanena ndani, ankandituma kukatsuka mbale.

Masiku amenewo Atate anali kapitawo pa fakitale, ndipo pakamwa pawo panazolowera zabwino. Kumapeto kwa mwezi kunkabwera bambo wina pa njinga kuchokera kumadambo, thumba litamangidwa kumbuyo. Sankalowera kumaso. Ankagogoda chitseko cha kukhitchini n'kunong'ona kuti, "Ba bosi, nili na ka katundu." Ka katunduko inali nyama ya m'thengo youma, yakuda bii, mwina ndi tiubweya totsalira m'mbali. Amai ankaiphika tsiku lonse n'kuithira nsinjiro, mawindo atatseka kuti anansi asamve fungo. Anansiwo nawonso ankakhala atatseka mawindo awo, pa chifukwa chomwecho. Msewu wonse unkatuluka thukuta mwakachetechete, aliyense akusunga chinsinsi chimene mnzake anali kutafuna.

Panalinso wisiki. Botolo lake linkakhala m'kabati ya magalasi, pakati pa mbale za alendo zimene palibe mlendo anazidyerapo. Atate ankathira pang'ono pansi pa tambula, n'kumanunkhiza nthawi yaitali kuposa imene ankamwa. Ankati mowa wamba ndi wa anthu a ludzu, wisiki ndi wa anthu oganiza. Chimene ankaganizacho sitinachimvepo, koma tinkayenda monyang'ama kuti tisawasokoneze.

Kenako fakitale inayamba kuchotsa anthu, ndipo Atate anali m'gulu lomwelo. Anawatsanzika ndi botolo la wisiki ndi kugwirana chanza. Anabwera kunyumba, nakhala pakhonde ndi wailesi, ndipo sanadzukeponso kwenikweni. Bambo wa njinga uja anayamba kudutsa pageti pathu akuyang'ana kwina.

Amai ndi amene anadzuka. Anatenga beseni, nayamba kupita ku Chanyanya kukaoda nsomba kwa asodzi n'kudzagulitsa pamsika. Nyumba yathu inaimira pa nsomba. Sukulu yanga inali nsomba, magetsi anali nsomba, ngakhale mabatire a wailesi ya Atate anali nsomba. Anzawo akawafunsa, Atate ankati, "Bizinesi yathu ikuyenda," chonsecho sanagwirepo mamba ndi chala.

Koma Lamlungu lililonse Amai ankagula nkhuku, n'kuiphika, n'kugwada pamaso pa Atate ndi mbale yovundikira. Atate ankasamba m'manja mosafulumira, n'kuvundukula, n'kufufuza ndi supuni mpaka ataipeza nthutumba ija. Akaipeza ankagwedeza mutu, ndipo pamenepo tonse tinkayamba kudya. Nyama ya m'thengo inali itapita, ofesi itapita, anthu owaitana kuti bosi atapita. Pa ukapitawo wonse uja chinatsala ndi chimenecho.

Ndiye kunabwera Papa.

Papa anali mbusa wa mpingo watsopano umene unkasonkhana m'kalasi ina ku Nangongwe. Anali wamsinkhu wanga, ndipo ndinkamudziwa kale akuitanira anthu pa siteji ya maminibasi. Mawu anali omwewo, kungoti tsopano ankaitanira ulendo wa kumwamba. Ankavala suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka zimene zinkafika pageti mwini wake akadali pamsewu. Amai anapita kwa iye chifukwa cha miyendo imene inkawatupa ndi kuima pamsika. Miyendo sinaphwe, koma mtima wawo unapepuka ndipo anayambanso kuimba, zimenezo sindingakane. Chinkandiwawa ine chinali kumva mayi wa imvi akuitana mnyamata ameneyu kuti Papa.

Tsiku loyamba kudzadya kwathu, maso ake anagwera pa kabati.

"Amai, mu kabati umu muli mzimu woipa," anatero. "Ndiye wamene umanga madalitso pa nyumba pano."

Anatenga botolo lija, likadali ndi theka, nati akaliwonongera ku tchalitchi. Ku maliro a botolo limenelo sitinaitanidwe. Atate analisiya lipite, poti kuchipatala anali atawaletsa kale mowa. Lamlungu lotsatira Papa anakhala pa mpando wa Atate, uja woyang'ana pa wailesi yakanema, ndipo Atate anasunthira pa sofa.

Kenako zinafika pa mbale. Amai anatuluka kukhitchini, nadutsa Atate, nakagwada pamaso pa Papa. Papa anavundukula, napemphera mwamphamvu diso limodzi lili m'mbale, ndipo atangoti ameni supuni yake inalunjika pa nthutumba mosaphonya. Anaiponya m'kamwa yonse, akupitiriza nkhani ya malata a tchalitchi. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti sanaimve n'komwe kukoma. Atate anadya nshima ndi msuzi wokha, nasamba m'manja tonse tisanafike pakati.

Mlendo atapita, ndinamva Atate ndi Amai akuyankhula pakhonde.

"Amake bana, kansi nyumba ino ili na mwine wake wina manje?"

"Imwe, uja ni mlendo. Ni muntu wa Mulungu."

"Mlendo wa Sondo iliyonse? Mupaseni na makiyi."

Sabata yotsatira Atate anadabwitsa tonse. Munthu amene sanagwirepo ntchito ya kukhitchini chibadwire anati nkhuku apha okha, asosola okha, atumbulanso okha. Amai anathokoza Mulungu kuti mapemphero ayamba kugwira. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kukataya madzi, ndipo ndinapeza Atate atanjuta pafupi ndi dzenje la zinyalala, akuwotcha nthutumba pa kawaya, mchere uli pa kapepala. Tinayang'anana. Kapitawo wa fakitale yonse, akuba nyama m'nyumba mwake momwe. Ndinafuna kuseka, koma ndinangobwerera ndi madzi anga osataya.

Patebulo supuni ya Papa inazungulira mbale yonse, n'kubwerera, n'kuzunguliranso.

"Amai, nkuku iyi inalibe nondo?"

"Ni nkuku za masiku ano, ba Abusa," Atate anayankha nkhope ili gwa. "Manyeleti ya mankwala yamene bazilasa yachuluka. Zina zibadwa zilibe."

Papa anaimirira napempherera nyumba yathu, akudzudzula mzimu umene umadya zinthu za m'nyumba anthu asanazione. Ameni wamkulu kuposa onse anachokera kwa Atate.

Amai sanali mwana. Kuyambira pamenepo nkhuku ankaiphera kwa mnzawo kumsika, n'kubwera nayo yodulidwa kale, ndipo nthutumba inabwerera kwa Papa. Atate sanakanganenso. Anangoyamba kusowa. Lamlungu likafika ankavala jekete n'kunena kuti akukawongola miyendo, n'kubwera mbale zitatsukidwa. Tsiku lina ndinawaona pa siteji, atakhala pa benchi, akuyang'ana maminibasi akudzaza ndi kunyamuka. Analibe kopita. Pamenepo nkhaniyi inasiya kundiseketsa, chifukwa ndinaona kuti bambo anga akutuluka m'nyumba mwawo pang'onopang'ono.

Nthawi imeneyo n'kuti nditayamba ntchito ku Lusaka, kupita m'mawa kubwera madzulo, ndipo ndinkadziona ngati munthu wotsogola. Tsiku lina m'butchala ina ndinaona chodabwitsa: nthutumba zokhazokha, zodzaza m'mapaketi, mulu wonse mufiriji. Ndinati basi, nkhondo yatha. Anthu akulimbirana imodzi, pamene kuno akugulitsa ngati tomato! Ndinagula paketi yaikulu, n'kuifungatira m'minibasi njira yonse mpaka ku Kafue.

Loweruka masana ndinazifwafwaza kaye kuti zifewe, kenako n'kuzikazinga ndi anyezi, tomato ndi tsabola pang'ono mpaka zitafiira m'mbali. Fungo lake linaimitsa anthu pamsewu. Ndinadzaza mbale mpaka pamwamba, n'kukaika pamaso pa Atate pakhonde, ndikudikira madalitso.

Anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali.

"Nkuku zake zili kuti?"

"Adadi, bagulisa chabe so, mu mapaketi. Mungadye na tsiku lililonse."

"Ndiye kuti kuli manyumba yambili kwamene bamuna balibe nthutumba lelo," anatero, akuikankhira mbaleyo kwa ine. Kenako mawu anatsika. "Mwana wanga, ine sinili na njala ya nyama. Izi ni za nkuku za bene. Ine nenze kudya imodzi chabe, yamene amai bako baniikila. Nikaipeza mu mbale, nenze kuziba kuti pa nyumba pano nikaliko."

Ndinakwiya, chifukwa ndinali nditavutikira chakudya chimenecho. Ndinanyamula mbale yanga n'kukadyera kukhitchini, ndipo zinali zokoma kwabasi, mkwiyo sunachepetse kanthu. Amai anali ataima pakhomo la khitchini, akupala nsomba za mawa. Ndinawapatsako, koma anapukusa mutu nati mkazi sadya zimenezo. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mpeni wawo unali utaima kalekale. Anali atamva zonse.

M'mawa mwake anapita okha ku Nangongwe, nabwera ndi nkhuku ya kumudzi yamoyo, miyendo yomanga ndi chiguduli. Atate atatenga jekete lawo, Amai anati, "Lelo simuyenda kulikonse." Nkhukuyo anaiphika monga ankaphikira kale, pa mbaula, ndi mchere, tomato ndi anyezi basi, mpaka msuzi unakhuthala n'kumamata zala.

Papa anafika pa nthawi yake, poti pa zimenezo sankachedwa. Anakhala pa mpando uja, napinda mikono ya malaya. Amai anatuluka ndi madzi osamba m'manja, namudutsa, nakayambira kwa Atate. Anabwerera kukatenga mbale yovundikira, namudutsanso, ndipo anagwada pamaso pa mwamuna wawo, miyendo yotupayo ikuwapweteka moonekeratu.

"Amai, mwasoba njila?" Papa anafunsa akuseka.

"Bene nyumba bayamba, Papa," Amai anayankha osatembenuka.

Atate anavundukula. Anafufuza ndi supuni pang'onopang'ono, ndipo ndikhulupirira kuti anaiona msanga koma anafuna ulendowo utalike. Pomaliza anaitulutsa, ikuwala ndi msuzi, naikweza m'mwamba. Mbale ya Papa inayamba kuyandikira yokha. Munthuyo ankaganiza kuti mwini nyumba akufuna kulemekeza mlendo ndi dzanja lake. Supuni inadutsa pamwamba pa mbale ya Papa, n'kukatera m'mbale ya Amai.

"Imwe!" Amai anadzidzimuka. "Mkazi sadya ivi."

"Nkuku munagula ndimwe," Atate anatero. "Na zonse zamene nadya kuchokela pamene fakitale inanitaya. Idyani, amake bana."

Amai anaitola ndi zala, nailuma, natafuna. Anatafunabe. Mayi amene anaphika nkhuku moyo wake wonse anali kulawa nthutumba koyamba, ife tonse tikuyang'ana pakamwa pake.

"Yakosa monga tayala," anatero potsiriza. "Ndiye ichi chamene mwenze kulilila?"

Koma maso awo anali atalengeza misozi, ndipo anaimaliza yonse osasiyako ngakhale kachidutswa. Ine ndinayang'ana kudenga kuti ndisalire pamaso pa Papa, amene anali kulimbana ndi phiko mwakachetechete. Tsiku limenelo pemphero lotsekera linali lalifupi.

Amai amapitabe ku tchalitchi kwake, ndipo amamutchabe Papa. Kungoti masiku ano Mzimu umamutsogolera kawirikawiri ku nyumba ina ya kumapeto kwa msewu, kumene ndamva kuti amaweta nkhuku zambiri. Mpando uja unabwerera kwa mwini wake. Botolo silinabwerere.

Mpaka pano, Lamlungu lililonse, Amai amaika nthutumba m'mbale ya Atate n'kugwada nayo. Atate amaifufuza ngati sakudziwa kuti ilimo, akaipeza amagwedeza mutu, kenako amaiika m'mbale ya Amai. Amai amadandaula kuti ndi yolimba, n'kuidya yonse. Posachedwapa, nditaona mmene amavutikira kudzuka pansi, ndinati bwanji azingoiika m'mbale mwawo kukhitchini komweko, poti ikathera momwemo, kuti mawondo apumeko.

Onse awiri anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Iwe wa mapaketi," Amai anatero, "nkala chabe zee."

Atate anatambasula dzanja, nawathandiza kuimirira.